Kuseri kwa Kankhono

Ine ndimawerenga madzi.
Ntchitoyi palibe anandilemba, ndinaitola ndekha
chaka chija Ruo anatilowera m'nyumba usiku
n'kutenga mbuzi zinayi ndi satifiketi yanga ya Fomu Folo.
Pa Chiromo pali chitsulo cha manambala chozikika m'matope.
M'mawa uliwonse ndimapinda buluku, n'kutsetsereka,
n'kulemba m'kope lomwe mwana anasiya:
Lachiwiri, mamita anayi ndi theka,
madzi ofiira, atenga nthochi za eni ake kumtunda.

Ndiye kunamveka kuti kwabwera njira yatsopano ya chenjezo,
ukalembetsa pa intaneti, nambala yako ifika ku boma
thukuta lisanaume pamphumi.
Ndinalipira bwato pa Mtayamoyo, ndinalipira kabaza,
mpaka m'kashopu ka Dorofina pa Bangula
momwe mafoni makumi atatu amayamwa magetsi pa chingwe chimodzi.

Dzina: Bizeki Alufandika. Linalowa.
Mudzi unalowa. Chaka chobadwa chinalowa.
Keyala ya imelo ndinailemba ndi chala chimodzi,
mosamala ngati ndikuchotsa minga ya mlamba,
koma makina anandilavulira zilembo zofiira:
keyala iyi siyololedwa.

Katatu konse.
Dorofina anaseka pang'ono, kenako analeka.
Anati, bambo, dzina lanu alibe nalo mlandu,
akuyang'ana kuseri kwa kankhono aka, mwakaona?
Zili ukozo ndiye chiwongo cha keyala.
Akufuna chiwongo cha boma, cha bungwe, cha sukulu yaukachenjede.
Chanuchi n'chaulere, cha aliyense,
ngati madzi a pamjigo.

Ndinaimbira a Khembo, mwini makinawo ku Nsanje,
mayunitsi akutha ngati mchere m'madzi.
Sanandikalipire, ayi.
Anati, mukukumbuka mwezi wa Febuluwale uja?
Tinatsegula chitseko kwa aliyense,
kunalowa ogulitsa mankhwala a chuma, kunalowa a juga,
kenako wina wopanda nkhope analemba kuti madzi afika m'khosi.
Anthu anagona pa njanji masiku awiri, mvula kulibe,
pobwera anapeza makola ali pululu.
Ndani akanatikhulupiriranso?

Ndikukumbuka.
Pa njanjipo ndinalipo, apongozi ali kumsana,
udzudzu ukutiimbira maliro tili moyo.
Wolumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe,
zimenezo sindikana.
Koma a Khembo, ndinatero, luzi lake ndine?

Anati pezani munthu wa keyala yovomerezeka, azikutumizirani.
Alipo, mlangizi wa zaulimi, a Nyathando,
munthu wabwino, amakhala kumtunda kumene madzi safika.
Lamulungu foni amathimitsa, amaimba kwaya.
Nambala yanga imayenda chonchi tsopano:
kuchoka pa chitsulo kulowa m'kope,
kuchoka m'kope kukwera njinga,
kukadikira pakhonde mpaka nyimbo yomaliza ithe,
ndipo ikafika ku Nsanje yavala dzina la wina,
yakalamba ndi maola asanu ndi limodzi.

Shire alibe keyala.
Salembetsa, sagogoda, safunsidwa chiwongo.
Amangokwera, mzere umodzi, mzere wina,
ngati mwana wophunzira kuwerenga.

Lero ndi Lamulungu.
Dzuwa lalowa chitsulo chikuti mamita asanu ndi pang'ono,
ndipo kumapiri a Thyolo kukung'anima mosalekeza.
Kopeli ndalikulunga m'jumbo ziwiri, ndalimanga m'chiuno.
Mbuzi ndamasula kale.
Pa mtengo wa msawu ndinapachika mkombero wakale wa galimoto,
ndipo nyundo ili pafupi ndi mutu wa mphasa.
Chitsulo chimenecho sichifunsa kuti womenya ndi wa kwa yani.
Mkazi wanga akuti gonani pang'ono, ndikudzutsani.
Ndamuyankha kuti chabwino,
koma nsapato sindinavule.